Lipoti la msonkhano wa ku Birmingham wa maviza a banja, maukwati ndi unzika wa ana

A Wapampando, a komiti ndi mamembala nonse a gulu lathu kuno ku Leeds ndi Bradford,

Monga munandituma, Loweruka lapitali ndinakakhala nawo pamsonkhano womwe aMalawi anzathu a ku Birmingham anakonza muholo ya tchalitchi china kumeneko. Olankhula anali maloya a nkhani za imigireshoni komanso mayi wina amene amathandiza ana kulembetsa unzika. Mafunso omwe munaponya pa WhatsApp ndinapita nawo onse. Ambiri ayankhidwa m'lipoti lino. Ena maloya anakana kuwayankha pagulu, amvekere mwininkhani abwere yekha ndi mapepala ake m'manja, ndipo eni mafunso amenewo ndawaimbira kale.

Ndinene poyambirira chomwe ndabwera nacho. Tikakumana timangodandaula za £29,000 ya malipiro a pachaka yofunika pa viza ya banja, koma chiwerengero chimenecho ife sitingachisunthe. Chomwe chikugwetsa mabanja athu ambiri ndi mapepala amene tinawasiya osalongosoka: ukwati wosalembetsa, banja lotha pakamwa pokha, mwana wobadwira konkuno amene palibe anamulembetsa. Izi ndiye zili m'manja mwathu.

Za ndalama ndidutsapo msanga poti ambiri mukuzidziwa. Kuyambira pa 11 Epulo 2024, woitanitsa mkazi kapena mwamuna wake ayenera kumalandira £29,000 pachaka msonkho usanachotsedwe. Kuchokera mu 2012 inali £18,600, ndipo amene analowa njirayi tsiku lija lisanafike akuyenderabe muyeso wakalewo powonjezera viza. Ngati malipiro palibe mukudalira zosunga kubanki zokha, zikhale £88,500 ndipo zikhale zitagona muakaunti miyezi isanu ndi umodzi. Zobwereka kwa mnzanu Lachisanu n'kubweza Lolemba amaziona. Pempho likamachokera ku Malawi, malipiro amene mkazi kapena mwamuna wanuyo akulandira kumudzi sawerengedwa, amayang'ana a inu muli kuno. Akafika n'kuyamba ntchito, powonjezera viza mumaphatikiza. Olandira Carer's Allowance kapena PIP, thandizo la boma la osamalira odwala ndi la olumala, sawafunsa £29,000, amangoona ngati banjalo lingathe kudzisamala. Pamitengo ya mu Epulo 2025, pempho lochokera kunja linali £1,938, kuwonjezapo ndalama ya chipatala ya £1,035 pachaka yomwe pa viza yoyamba ya miyezi 33 imakwana £3,105. Apo simunawerengere tikiti ya ndege, kuyezetsa TB ndi mayeso a Chingerezi. Inde, mayeso a Chingerezi: Malawi sali pamndandanda wa mayiko omwe Home Office, unduna woona za maviza kuno, imawakhululukira, ngakhale tinaphunzira m'Chingerezi kuyambira kupulayimale. Holo yonse inang'ung'udza, koma lamulo ndi limenelo.

Funso limene linabwera mobwerezabwereza, kwathu kuno ngakhalenso kumeneko, ndi la anzathu a ntchito ya care, yosamalira okalamba ndi odwala. Woitanitsa banja pa viza ya banja ndi amene ali ndi unzika wa Britain, indefinite (chilolezo chokhala muno mopanda malire a nthawi), settled status (chilolezo chonga chomwecho cha ochokera ku EU) kapena chitetezo cha othawa kwawo. Wa viza ya ntchito amaitanitsa banja kudzera njira ina, ndipo njirayo inatsekedwa pa 11 Malichi 2024 kwa olowa kumene ntchito ya care. Amene anali kale pa vizayo tsikulo lisanafike sanakhudzidwe. Komanso mlendo wobwera pa viza yodzacheza sangasinthire ku viza ya banja ali konkuno, ayenera kubwerera kukapempha ali kumudzi.

Tsopano za ukwati, pomwe tinakhalitsa. Dziko lino limavomereza ukwati womangidwa kunja ngati uli wovomerezeka m'malamulo a dziko lomwe unamangidwira, komanso ngati onse awiri anali omasuka kukwatira. Lamulo lathu la maukwati la 2015 limazindikira ukwati wa kwa DC, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, wa mwambo, komanso wa anthu amene akhalira limodzi nthawi yaitali mpaka kudziwika ngati banja. Ndiye chinkhoswe si chopepuka ayi, ndi ukwati ndithu. Vuto ndi umboni. Woona pempho lanu sakudziwa kuti nkhoswe ndi ndani, sanaonepo nkhuku ikugawidwa, akufuna pepala lochokera ku ofesi ya boma. Bambo wina anatulutsa kalata ya a mfumu, yolembedwa pamanja papepala lothothola m'kope, chidindo chofiirira chili pakona, n'kufunsa ngati ikukwanira. Loya anaiwerenga mwaulemu, n'kunena kuti aisunge bwino chifukwa ikhoza kuthandizira, koma payokha singanyamule pempho, ndipo poti ili m'Chichewa iyenera kutsagana ndi kumasulira kwa womasulira wovomerezeka. Malangizo ake anali oti ukwati wa mwambo ukalembetsedwe kuboma kumudzi kuti pakhale setifiketi. Kwa amene chinkhoswe chinachitika iwo ali kuno, amalume n'kuwaimira, anati nkhaniyo imavuta kwambiri kuitsimikiza, ndipo lamulo la viza limafunanso kuti awiriwo akhale atakumanapo maso ndi maso. Kuli bwino kukwera ndege.

Yang'ananinso maina. Pasipoti ikuti dzina lina, setifiketi ya ukwati yalemba la kwa amuna, kalata yakubadwa ya mwana ili ndi kalembedwe kachitatu, tsiku lobadwa likusiyana ndi la pachitupa cha unzika. Kwathu timangoti ndi munthu yemweyo. Kuno zimenezi zimachedwetsa pempho kapena kulikanitsa, ndalama osabwezedwa.

Koma chimene chinazizira anthu m'nkhongono ndi nkhani ya kutha kwa banja. Ambiri a ife banja loyamba linathera pabwalo la ankhoswe: anakhala pansi, anagawa ziwiya, aliyense n'kuona msana wa njira. Popanda chigamulo cha khoti, Home Office ikhoza kukuonani kuti mukadali pabanja loyambalo, ndiye kuti ukwati wachiwiri uja sukuwerengedwa. Lamulo la kuno la 1986 limanenanso kuti chisudzulo chosadzera m'njira ya boma sichivomerezedwa ngati mmodzi mwa awiriwo anali akukhala ku UK chaka chonse chisudzulocho chisanachitike. Choncho amene munathetsa banja pafoni muli ku Leeds, ankhoswe ali ku Ntcheu, kaonaneni ndi loya musanamange lina. Za mitala anangodula mwachidule: mkazi wachiwiri sangapatsidwe viza ya banja ngati woyamba analowa kale muno ngati mkazi wanu ndipo ukwatiwo ulipobe.

Omangira ukwati konkuno nawonso asamale. Ku England muyenera kukapereka chidziwitso ku register office ndi kudikira masiku 28, omwe Home Office ikhoza kuwatalikitsa kufika 70 ikafuna kufufuza. Madalitso a abusa muholo yobwereka, kapena nikah (ukwati wa Chisilamu) ya panyumba, popanda dongosolo limeneli si ukwati pamaso pa lamulo, ngakhale kutavinidwa pelekanipelekani mpaka usiku. Nkhani yabwinoko ndi yakuti kuyambira pa 31 Januwale 2024, osakwatirana amene akhala paubwenzi wonga banja zaka ziwiri akhoza kupempha viza ngakhale sanakhale nyumba imodzi zaka zonsezo. Ine ndikuona kuti njira imeneyi imafuna umboni wochuluka kuposa kungokalembetsa ukwati, ndiye isakhale pothawira ulesi.

Gawo la ana ndi limene ndikupempha kuti muwerenge kawiri. Kubadwira m'chipatala cha boma cha NHS sikupatsa mwana unzika. Zimenezo zinatha pa 1 Januwale 1983. Mwana wobadwira kuno amakhala nzika pobadwa pokhapokha ngati tsiku limenelo bambo kapena mayi ake anali nzika kapena anali ndi indefinite. Kalata yakubadwa ya ku register office si umboni wa unzika. Komabe pali makomo awiri otseguka. Loyamba: kholo likapeza indefinite mwana wobadwira kuno asanakwanitse zaka 18, mwanayo ali ndi ufulu wolembetsedwa. Lachiwiri: mwana wobadwira kuno amene wakhala muno zaka 10 zoyambirira za moyo wake ali ndi ufulu wolembetsedwa, kaya makolo ali ndi mapepala kaya alibe. Ndibwereze: kaya makolo alibe. Chofunika n'chakuti asakhale atatuluka m'dziko masiku opitirira 90 pachaka chilichonse mwa zaka khumizo. Apa ndi pomwe chizolowezi chathu chotumiza mwana kwa agogo kuti akakhaleko chaka, ife tikugwira mashifiti ausiku, chimadzatipweteka patsogolo. Wobadwira kuno amene wakhala zaka 7 akhozanso kupempha indefinite, malinga ndi malamulo a mu Juni 2022.

Mtengo wolembetsa mwana mu 2025 unali £1,214, ndipo ndi umene umagwetsa makolo ulesi. Koma kuyambira mu Juni 2022 banja losakwanitsa likhoza kupempha kuti lisalipire. Mayi wothandiza ana kulembetsa unzika uja anatsindika kuti tisazengereze, chifukwa mwana akafika zaka 10 amayamba kumuunika khalidwe. Kamlandu ka kupolisi ali ndi zaka 14 kakhoza kusokoneza ufulu umene anali nawo kale. Anasimba za achinyamata olankhula Chingerezi cha konkuno, amene Malawi amangomuonera pafoni, koma amadzazindikira kuti si nzika pofuna ngongole ya kuyunivesite kapena pasipoti ya ulendo wa sukulu. Ineyo ndikudziwa kuti m'gulu lathu lino ana otere alipo.

Nkhani ya chisudzulo ija imafikanso kwa ana. M'lamulo la unzika, bambo wa mwana ndi mwamuna amene mayiyo ali naye paukwati tsiku lobereka. Mayi amene ukwati wake wa kumudzi sunathe kukhoti, akabereka kuno ndi bambo wa unzika wa Britain, lamulo limaloza mwamuna wa kumudzi uja, ndipo mwana satenga unzika pobadwa. Njira yokonzera ilipo kuyambira mu 2022, koma ndi pempho lina, nthawi inanso.

Kwa ana obadwira ku Malawi zili chonchi. Ngati munapeza unzika wa Britain mwa kulembetsa kuno mwanayo asanabadwe, iyenso ndi nzika, mungomupemphera pasipoti. Koma unzika wakewo sudzatsikira wokha kwa ana ake akadzabadwiranso kunja. Ngati muli ndi indefinite yokha, mwana wobadwira ku Lilongwe si nzika, afunika viza. Amayi oganiza zokachirira kumudzi pafupi ndi amayi awo aganizirepo bwino pamenepa. Ana amene tinawasiya m'manja mwa agogo kapena azakhali ndiye nkhani yowawa. Ngati kholo linalo lili moyo kumudzi, muyenera kusonyeza kuti udindo wonse wolera mwanayo uli pa inu nokha. Malisiti a Mukuru okha sakwanira. Akufuna kuona kuti sukulu anasankha ndani, aphunzitsi amaimbira ndani, mwana akadwala chilolezo kuchipatala amapereka ndani. Ndipo pempho lilowe asanakwanitse zaka 18.

Mbali ya kwathu sinakambidwe mozama. Nyumba ya Malamulo inavomereza unzika wa mayiko awiri mu Disembala 2018, ndiye kutenga pasipoti ya Britain sikutanthauzanso kutaya Umalawi monga kale, ndipo ana sakukakamizidwanso kusankha dziko limodzi akakula. Sizichitika mwa mphepo chabe, pali dongosolo lake ku nthambi ya Immigration, ndipo poyambira pafupi ndi ofesi ya kazembe wathu ku London. Mwana wobadwira kuno amatenga Umalawi kudzera mwa kholo lomwe ndi nzika yobadwira ku Malawi.

Pali mfundo ina imene sindikufuna ibisike pakati pa ziwerengero. Mkazi kapena mwamuna amene ali pa viza ya banja, ngati akuchitiridwa nkhanza, sayenera kupirira poopa kuti amubweza. Lamulo limamulola kupempha indefinite payekha, ndipo pali chilolezo cha miyezi itatu chomupatsa thandizo la boma pamene akukonza pempholo. Amene mnzake wamwalira ali pa vizayi nayenso ali ndi njira yake. Mawu akuti "ndinakubweretsa ndine, ndikubweza" tawamvapo m'nyumba zathu, ndipo a komiti ya amayi ndi ya abambo adziwe choyankha.

Pa zosintha zimene boma linalengeza mu Meyi 2025, zofuna kutalikitsa nthawi yodikira indefinite kufika zaka 10 kwa ambiri, linanena kuti akazi ndi amuna a nzika za Britain akhalabe pa zaka zisanu. Maloya anati amene nthawi yake yakwana apemphe tsopano, asadikire. Anachenjezanso za "alangizi" a m'magulu a WhatsApp. Kupereka uphungu wa imigireshoni popanda chilolezo ndi mlandu kuno. Musanalipire munthu, fufuzani dzina lake m'kaundula wa Immigration Advice Authority, yomwe kale inkatchedwa OISC, kapena wa maloya. Safunsa anadya phula.

Ndikupempha komiti kuti pamsonkhano wa mwezi uno tikambirane zoti banja lililonse lione lokha zaka za ana ake obadwira kuno ndi mapepala omwe ali nawo, ndipo ofuna thandizo auze munthu mmodzi amene tingamusankhe, mwachinsinsi, osati pagulu la WhatsApp. Tikambiranenso ngati thumba lathu, lomwe pano limangotseguka pamaliro, lingamabwereketse ndalama yolembetsera mwana kwa amene akanizidwa chikhululukiro cha malipiro. Ndikudziwa kuti a msungichuma anena kuti thumbalo ndi lopyapyala, ndipo akunena zoona, n'chifukwa chake ndikuti ngongole, osati mphatso. Mmodzi mwa maloya aja wavomera kubwera ku Leeds Loweruka lina masana ngati titamulipirira sitima ndi kupeza holo, ndipo akufuna yankho mwezi uno usanathe. Malisiti a ulendo wanga ndapereka kale kwa a msungichuma.

Ine nthumwi yanu.