Mabwalo a ndege zing'onozing'ono ku Chigwa cha Shire asasanduke njira za ngolo

Akonzi,

Ndipatseniko malo m'nyuzipepala yanu ndiyankhule za chinthu chimene anthu ambiri kuno kwathu amachiona ngati cha azungu ndi mabwana okhaokha. Ndine mkulu wa zaka 63, ndimakhala ku Ngabu m'boma la Chikwawa. Zaka 19 ndinazithera ku Johannesburg ndikukonza injini za ndege zing'onozing'ono, ndipo komweko ndinaphunzira kuulutsa. Nditabwerera kumudzi, ine ndi anzanga awiri tinasonkherana n'kugula kandege kakale, Cessna 172 ka 1975, ka mipando inayi. M'mbali mwake munalembedwa 7Q, monga zilili ndege zonse zolembetsedwa m'Malawi muno. Tsiku loyamba kukatera nako kwathu, mayi anga aang'ono anakazungulira kawiri ndi ndodo yawo, kenako anati: "Mwana wa achemwali, bola iyi ikuyenda masana aliyense akuona." Anthu anaseka mpaka misozi, chifukwa ndege zimene timazimva m'midzi muno ndi za lichero.

Anyamata akandipeza pamsika amandifunsa kuti, "Madala, kandege kaja munagula zingati?" Funsolo ndi lolakwika. Kugula ndege yakale n'kosavuta kusiyana ndi kuisunga. Injini yake ndi Lycoming ya masilinda anayi, mphamvu za akavalo 150, ndipo imamwa malita pafupifupi 30 pa ola. Mafuta ake si petulo wa pa filling station ayi. Ndi avgas, wooneka mobiriwira ngati thambo, amene kuno kumunsi simungamupeze. Timathirira ku Chileka, komwenso kandegeko kamagona. Oyilo timasintha maola 50 aliwonse. Chaka ndi chaka iyenera kutsegulidwa ndi kuunikidwa ndi makaniko wovomerezeka, kaya yauluka kaya yangokhala, ndipo injini ikakwanitsa maola pafupifupi 2,000 imayenera kuphwasulidwa yonse n'kumangidwanso. Onjezeranipo inshuwalansi, lendi ya malo ogona, ndiponso adokotala amene amandipima maso, makutu ndi mtima kuti laisensi yanga ikhalebe yamoyo. Zipangizo zonse, ngakhale kabawuti, zimachokera kunja ndipo zimafuna madola. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mnzathu mmodzi anafuna kutuluka m'gululi. Ine ndinagulitsa ng'ombe zinayi chaka chimenecho, ndipo akazi anga sanaiwalebe.

Galimoto ikakuvuta panjira umaima pambali n'kuitana wa kabaza. Kumwamba kulibe pambali. N'chifukwa chake ndisanakwere ndimatha theka la ola ndikuzungulira ndegeyo ngati wogula ng'ombe pamsika wa ziweto. Ndimakhetsa mafuta pang'ono pansi pa phiko lililonse m'kabotolo koonekera, kuona ngati mulibe madzi, pakuti madzi amalemera kuposa mafuta ndipo amakhala pansi pomwe injini imayamwira. Ndimasuzumira m'kachubu kakang'ono ka pansi pa phiko la kumanzere kamene kamayeza liwiro. Mavu aja omanga ndi dothi amakakonda kachubu kameneka koopsa. Akamangamo usiku umodzi wokha, singano ya liwiro imakunamiza uli m'mwamba. Mbalame nazo zimamanga zisa pamwamba pa injini. Ndikaliza injini ndimayesa magineto onse awiri, tizipangizo topereka moto ku mapulagi, payekhapayekha. Silinda iliyonse ili ndi mapulagi awiri, onse pamodzi asanu ndi atatu, kuti mbali imodzi ikafa inayo ikufikitse pansi. Batire ikhoza kutheratu uli m'mwamba injini osazima. Anthu amene anapanga zimenezi ankaopa imfa, ndipo ine ndimawalemekeza.

Chimene oulutsa ndege ochokera kumtunda sachidziwa msanga ndi kutentha kwa kuno. Poti chigwa chathu chili m'munsi kwambiri, Nsanje ili pamwamba pang'ono chabe pa nyanja yamchere, munthu amaganiza kuti mpweya ndi wokwanira ndipo ndege inyamuka mosavuta. M'mawa wa June n'zoona. Koma mu October masana, kutentha kukafika madigiri 40, mpweya umapepuka moti ndege imamva ngati ili pamalo okwera mamita pafupifupi 900, kuposa pa Chileka penipenipo. Injini imachepa mphamvu, mapiko sagwira bwino. Pamene pa tala m'mawa wozizira ingathamange mamita pafupifupi 300 n'kudzuka, pa udzu wautali masana otentha imangothamangabe, mitengo ya kumapeto ikukulira m'maso. Mipando ndi inayi, inde, koma nthawi yotentha sindinyamula akuluakulu anayi ndi thanki yodzaza. Mlamu wanga anakwiya nditamuuza kuti asiye thumba la mpunga. Anaganiza kuti ndikumana.

Nyengo yozizira mdani ndi wina: chiperoni. Kuno kumunsi dzuwa likhoza kuwala, koma mapiri a Thyolo ndi chikweza cha Thabwa zitakutidwa ndi mitambo mpaka pansi. Laisensi yanga ndi youluka ndikuona pansi ndi maso, choncho kukatero ndimamanga ndege ndi zingwe n'kukwera minibasi ngati wina aliyense. Kuyambira ngozi ya ku Chikangawa ya pa 10 June 2024, imene inatenga wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko a Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu, palibenso wondinena mantha ndikakana kuuluka chifukwa cha mitambo. Kale ankandiseka.

Tsopano ndifike pa chimene ndalembera kalatayi.

Mwezi wa May chaka chatha ndinanyamuka ku Chileka m'mamawa kupita pa kabwalo kena ka dothi kuno kuchigwa, komwe ndinali nditaterapo kambiri. Dzina lake ndisalitchule, poti sindikufuna kuloza munthu chala. Monga mwa nthawi zonse ndinadutsa kaye chapansipansi kuti ndione bwalo ndi kuthamangitsa mbuzi. Abusa anandibayibitsa, mbuzi zinabalalika, udzu unkaoneka wofanana kuyambira uku mpaka uko. Ndinazungulira n'kutera bwinobwino. Ndikuchepetsa liwiro, tayala la kutsogolo linagwera mumkwasa umene ngolo zinakumba nthawi ya mvula podutsa pakati pa bwalo kupita kumadimba. Matope aja anali atauma gwa ngati njerwa, udzu utabisa zonse. Mphuno ya ndege inagwa, pulopela, chitsulo chozungulira cha kutsogolo chija, inamenya dothi, injini inazima pomwepo. Palibe anavulala. Ndinatsika miyendo ikunjenjemera, ana atandizungulira kale.

Munthu wosadziwa akanati taongolani chitsulocho ndi hamala muzipita. Sizitero. Pulopela ikamenya pansi injini ikulira, opanga injiniyo amalamula kuti iphwasulidwe yonse, chifukwa kirankishafuti, chitsulo cha m'kati mwa injini chimene chimazunguza pulopela, ikhoza kukhala ndi mng'alu wosaoneka ndi maso umene ungadzathyoke tsiku lina uli pamwamba pa dambo la Elephant Marsh. Tinamasula mapiko, tinakweza ndege pa lole, inakwera Thabwa ngati katundu wa thonje. Injini inapita ku South Africa. Miyezi isanu ndi itatu tinali pansi, ndipo zimene inshuwalansi sinalipire tinagawana atatu. Mkwasa umene unachita zonsezi anyamata anayi okhala ndi makasu akanaukwirira dzuwa lisanafike pamutu.

Ndinakwiya, sindibisa. Koma nditakhala pansi ndi a mfumu a dera limenelo mkwiyo unaphwa. Anandifunsa kuti: "Bambo, inu mumabwera kangati pachaka? Kanayi? Kasanu? Ife ngolo zimadutsa tsiku ndi tsiku. Ndani anabwerapo kudzatiuza kuti malo awa akadali a ndege?" Ndinasowa choyankha. Miyala yopaka laimu yosonyeza malire inazulidwa kalekale, ina ili pa maziko a nyumba. Kathumba koonetsa kolowera mphepo kanang'ambika, mtengo wake unadyedwa ndi chiswe. Chakumpoto kwa bwalo kwamera chulu chofika m'chiuno, ndipo wina wayamba kale kuumba njerwa chakumapeto. Malo ndi osowa, anthu achuluka, madzi osefukira akuwakankhira kumtunda chaka ndi chaka. Munthu akaona malo osalala, aatali pafupifupi kilomita, opanda wolimapo, mukuti aganize chiyani?

Wina anena kuti nanga ife zikutikhudza bwanji, poti ndege ndi ya madala a ku Ngabu ndi anzawo. Mukanena za kandege kanga kokha, mukulondola, musandimvere chisoni. Koma kumbukirani madzi osefukira a mu January 2015. Kumbukirani namondwe Idai mu March 2019, namondwe Ana mu January 2022 pamene msewu wa M1 unaduka ndipo magetsi a ku Kapichira anazima, ndi Freddy mu March 2023. Nthawi zonsezi anthu a ku Makhanga ndi madera ena a kutsidya kwa Shire anatsala pachilumba, kufikako kwake pa boti kapena helikopita basi. Ndinene chilungamo: ndege ya mapiko ngati yanga singatere m'madzi kapena m'matope, ndipo singatsitse chingwe kunyamula munthu pamtengo. Imeneyo ndi ntchito ya helikopita. Koma helikopita ndi zochepa, ndipo ola lake limadya ndalama kuwirikiza kangapo kuposa langa. Kandege kakang'ono kangathe kuuluka kutsata Shire ndi Ruo n'kuuza a maboti kuti anthu aunjikana pati. Kangathe kunyamula mankhwala a kolera, magazi kapena namwino kuchoka ku Chileka kufika ku Bangula m'mphindi zosakwana 40, pamene malole aima pa mlatho woduka. Madzi akaphwa, msewu umatenga masabata kuti ukonzedwe, pamene bwalo la pamalo okwera limauma m'masiku ochepa. Zonsezi zimatheka ngati pali potera. Bwalo silikonzedwa tsiku la chigumula.

Ku Nchalo kuli bwalo losamalika chifukwa lili ndi mwini wake amene amaligwiritsa ntchito. Amene akutha ndi mabwalo aja a aliyense, omwe kunena zoona alibe mwini. Pempho langa kwa makhonsolo athu awiri a Chikwawa ndi Nsanje, mafumu ndi akuluakulu oona za maulendo a pandege si la ndalama zambiri. Sindikupempha tala, kapena mpanda wa waya umene ungathe kubedwa mwezi umodzi. Ndikupempha kuti malire a mabwalowa adziwike ndipo alembedwe, a mfumu akhale ndi pepala lake, kuti pasapezeke wogawira munthu malo pakati pa bwalo. Ngolo zipatsidwe njira yodutsa kumapeto, osati pakati. Mpira ana asewere ndithu, ndipo ine ndimakondwa nawo, chifukwa bwalo loseweredwa udzu sutalika ndipo chiswe sichimanga. Magolo okha akhale ozula, kapena aimikidwe m'mbali. Ng'ombe zidye nthawi ya chilimwe, koma dothi likafewa ndi mvula zisalowe, pakuti ziboda zake zimasiya maenje amene akauma amathyola tayala. Ndipo pakhale munthu mmodzi wa m'mudzimo, wolandira kangachepe, amene woulutsa ndege angamuimbire foni asananyamuke n'kumufunsa kuti, "Kwagwa mvula? Mwayendamo lero?" Foni imodzi yotero ikanandipulumutsira miyezi isanu ndi itatu ija.

Ifenso eni ndege tili ndi mlandu wathu. Timatera, timatseka zitseko, timakwera galimoto yodzatitenga n'kupita, osapereka ngakhale moni kwa a mfumu. Ana amene amathamangira ndege timangowakalipira kuti atalikire, osawafotokozera kuti pulopela ikamazungulira sioneka ndipo imadula munthu ngati chikwanje. Ine ndasintha. Ndikazimitsa injini ndimaitana ana awiriawiri kudzakhala pampando, ndimawaonetsa mmene chiwongolero chimagwedezera timapiko ta kumapeto. Mtsikana wina wa Fomu 3 anandifunsa chifukwa chimene ndege imakhotera ikapendekeka, funso limene anyamata ena amene ndinkagwira nawo ntchito ku Johannesburg sanalifunsepo. Ndinamuuza kuti alimbikire masamu ndi physics, ndiponso kuti laisensi yoyamba imafuna maola osachepera 40 a m'mwamba. Ndalama zake sindinamuuze tsiku limenelo.

Pa kabwalo kaja tinagwirizana ndi a mfumu. Ine ndi anzanga tagula zikwakwa khumi, matumba awiri a laimu ndi kathumba katsopano ka mphepo, kamene telala wa pa Ngabu wasoka ndi nsalu yofiirira atayang'ana chithunzi pa foni yanga. A timu ya mpira avomera kugumula chulu chija tikawagulira mpira ndi maneti. Eni ngolo sanavomerebe, akuti njira ya kumapeto ikutalikitsa ulendo wa kumadimba, ndipo tikumananso nawo Loweruka likudzali pansi pa mtengo wa bwemba.

Ine wanu,
Makaniko wopuma pantchito,
Ngabu, Chikwawa