Kandulo Isagonenso M'chipinda cha Mwana

Wokondedwa mng'ono wanga,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino, pamodzi ndi amayi ndi ana onse. Ine kuno ndilipo, ntchito ikuyenda.

Chimene chandikhazika pansi kuti ndilembe ndi nkhani ija unandiuza mothamanga pa foni, ya kandulo imene inagwa n'kupsereza m'mphepete mwa neti ya mwana wanga. Iwe unainena ngati yatha kale, koma ine usiku umenewo tulo sindinatione. Neti ikagwira moto siyaka ngati nsalu wamba ayi, imasungunuka n'kumadontha, ndipo madonthowo amakakamira pakhungu. Amayi akanapanda kudzidzimuka ndi fungo, bwenzi lero tikunena zina. Palibe amene ndikumuloza chala. Mwanayo amaopa mdima kuyambira kalekale, ndipo aliyense womukonda akanamuyatsira kandulo. Koma chonde, kuyambira lero lawi lisagonenso m'chipinda chimenecho, kaya ndi la kandulo kaya la koloboyi.

Nditafotokozera mnzanga amene ndimakhala naye chipinda chimodzi, yemwe ntchito yake ndi yokonza zamagetsi, sanayankhe zambiri. Anatulutsa tochi yakufa pansi pa bedi, anaitsegula ndi nsonga ya mpeni, n'kuchotsamo kababu kang'onong'ono konga kanjere ka galasi. Posakhalitsa anali atapanga kanyali. Kali pawindo pompano pamene ndikulemba, kakuwala phee, ndipo ndikakagwira ndi chala sikatentha n'komwe. N'chifukwa chake ndikufuna nawenso upange.

Kababuko amakatcha LED. Timapezeka m'matochi akale, m'zidole za ana zowonongeka, m'mawailesi ndi m'nyali za njinga. Katsopano kamakhala ndi miyendo iwiri, wina wautali wina waufupi. Wautaliwo umapita kumbali ya batire imene ili ndi chizindikiro cha +, waufupi kumbali ya −. Ukachotsa kababu m'chinthu chakale miyendo imakhala yodulidwa kale, ndiye uyang'anitsitse m'munsi mwa kagalasiko, upeza mbali imodzi yophwatalala ngati anaisenga, ndipo mwendo wa mbali imeneyo ndi wa −. Ukasemphanitsa usade nkhawa, pa mabatire awiri sikapsa, kamangokana kuyaka. Ungotembenuza basi.

Mabatire a AA, aja a mu rimoti ndi muwotchi yapakhoma, lililonse limapereka mphamvu ya volt 1.5. Ukawalumikiza awiri, mutu wa lina kugunda kumbuyo kwa linzake, zimakwana ma volt 3. Kababu koyera kamafuna pafupifupi ma volt 3, pamene kofiira kamakhuta ndi ma volt 2. Apa ndi pamene pamafunika kachipangizo kena kotchedwa resistor, kamene kamachepetsa magetsi opita ku babu, monga momwe umapanira payipi kuti madzi azituluka pang'onopang'ono. Kamaoneka ngati kambewu ka mpunga kokhala ndi waya mbali zonse ziwiri, ndipo kali ndi timizere tamitundu. Ufune ka ma ohm 330 (ohm ndi muyeso wa mmene kamachepetsera magetsi). Timizere take ndi iti: wa lalanje, wa lalanje winanso, kenako wa bulauni. Kalibe kutsogolo kapena kumbuyo, ungokapotera pa mwendo umodzi wa babu, uliwonse.

Usakanyoze kachinthu kameneka chifukwa cha kuchepa. Ine tsiku loyamba ndinkafulumira, ndinadula chingwe cha chaja yakale n'kulumikiza babu mwachindunji. Kanangoti ng'ani kamodzi, kenako kafungo ka pulasitiki, kababu n'kufa. Chaja ya foni imatulutsa ma volt 5, ndipo LED yopanda resistor singapirire. Ubwino wina wa resistor ndi wakuti imasunga batire. Kababu kofiira ka pa mabatire awiri kokhala ndi resistor imeneyi kamadya magetsi ochepa kwambiri, pafupifupi ma milliamp 3, moti mabatire abwino amatha milungu yambiri ngakhale kaziyaka usiku wonse. Kuwala kwake si kowerengera buku, koma maso akazolowera mdima umaona khomo, bedi ndi nkhope ya munthu. Mwana woopa mdima amangofuna zimenezo.

Chosungiramo mabatire utenge cha mu wailesi kapena chidole chakufa. Chikasowa, kulunga mabatirewo m'pepala lolimba, umange ndi tepi yakuda ija ya magetsi, waya umodzi ukhudze kumutu wina kumbuyo. Swichi usavutike nayo. Mnzangayu anadula kachidutswa ka katoni kamene amakalowetsa pakati pa batire ndi waya kukacha, madzulo n'kukasolola. Chinthu chimodzi chokha usamale nacho: mawaya awiri osenda asakhudzane okhaokha, chifukwa batire limatentha ndipo limatha msanga. Paliponse pamene walumikiza uphimbe ndi tepi.

Kababu kakakhala pamtunda kamalasa m'maso ngati singano, choncho kamafuna kanyumba. Ine ndinatenga kabotolo kagalasi kokhala ndi chivindikiro, ndinamata pepala loyera lopyapyala m'kati mozungulira, mabatire ndinawamatirira kunsi kwa chivindikiro, babu n'kuyang'ana m'kati. Kuwala kunafewa, botolo lonse linasanduka ngati kamwezi. Chigubu choyera cha pulasitiki chimachitanso bwino, mwinanso kuposa, chifukwa sichisweka mwana akachigwetsa. Ngati pulasitikiyo ndi yoonekera m'kati, uikwechese ndi mchenga mpaka ichite mbuu.

Za mtundu ndikuumirira pa wofiira kapena wachikasu chodera. Ndinawerenga kuti thupi limatulutsa timadzi totchedwa melatonin kukada, ndipo ndi timene timabweretsa tulo. Kuwala koyera kwambiri, kumene kuli ndi buluu wochuluka ngati kwa foni, kumachedwetsa timadzi timeneti, pamene kofiira kocheperako sikusokoneza kwenikweni. Ndinadabwa kumva kuti LED yofiira ndi yakale ndithu, anaipanga Nick Holonyak ku America mu 1962. Yabuluu ndi imene inavutitsa akatswiri zaka zambiri, mpaka anthu atatu ochokera ku Japan, Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura, anaitulukira, ndipo mu 2014 analandira mphoto ya Nobel. Popanda yabuluuyo sipakanakhala matochi oyera amene tonse tili nawo lero. Ndikayang'ana kababu kamene anthu amataya kudzala, n'kukumbukira thukuta lonselo, ndimakalemekeza.

Tsopano umvetsetse apa. Anzako ena akuuza njira yachidule, yopanikiza miyendo ya babu pa kabatire kozungulira konga kandalama kachitsulo, kaja kolembedwa CR2032. N'zoona kamayaka nthawi yomweyo, popanda waya kapena resistor. Koma m'nyumba ya ana usakalowetse. Mwana akameza kabatire kameneko kamakakamira pammero n'kuyamba kuwotcha mnofu m'kati mwa maola awiri okha, ndipo poyamba sipaoneka chizindikiro chenicheni. Ngati tilipo kale tina m'zidole kapena m'makiyi a galimoto, utiike patali. Tikuchotsa ngozi ya moto, tisabweretsenso ina. Chimodzimodzi magetsi a pakhoma: chaja usaitsegule, ndipo waya uliwonse wa kanyaliko usayandikire soketi. Ukafuna kugwiritsa ntchito chaja, udule chingwe cha USB chokha chili chozula, waya wofiira ndi +, wakuda ndi −, resistor pakati. Koma ine ndimakonda ya mabatire, chifukwa magetsi akathima iyo imakhalabe ikuyaka, ndipo nthawi imeneyo ndi imene anthu amathamangira machesi.

Upange ziwiri. Imodzi ya mwana, uiike pamalo amene angaione ali chigonere koma osaifikira. Inayo ndi ya amayi. Ukudziwa kuti masiku ano amadzuka kawirikawiri usiku ndipo mawondo aja sakuwalola kupunthwa. Yawoyo uiike pansi, pafupi ndi khomo, kuti iwalitse poponda. Nyali ya pamwamba imasiya mthunzi pansi pomwe phazi likupita. Amayi adzati musavutike nane, njira ndimaidziwa. Uwayankhe mwaulemu kuti ndapempha ndine.

Ukadzapeza tinyali tija ta sola toika m'maluwa, ngakhale takufa, usatisiye. M'kati mumakhala kabatire kotchajika ka volt 1.2, ndipo nthawi zambiri chimene chimafa ndi batirelo basi. Ukasintha, kamamwa dzuwa masana, madzulo n'kuyaka kokha. Umangokumbukira kukatulutsa m'mawa ndi kukalowetsa dzuwa likalowa, ntchito imene mwana angaikonde.

Pamene ukusonkhanitsa zinthuzi, usiku wa lero chita izi: dzaza madzi m'botolo loonekera, uyatse tochi, uigoneke moti kuwala kulowe m'madzimo. Chipinda chonse chiyera mofatsa. Zimadya batire, koma zikufikitsani tsiku limene kanyali katheke.

M'kathumba kamene ndapatsira munthu wobwera kumeneko ndaikamo timababu 10, tofiira ndi tachikasu, ma resistor ake ndi tepi imodzi. Chokhacho ndikupempha, popanga usamuthamangitse mwanayo. Umulole asankhe botolo, ajambule chimene akufuna papepala lomata m'katilo, kaya nyenyezi kaya nkhuku, agwire tepi pamene iwe ukupota mawaya. Katoni ija aisolole yekha koyamba, aone kuti kuwalako kwatuluka m'manja mwake. Umuuze kuti bambo ake ali ndi kanyali kofanana nako pawindo lawo, ndipo amakayatsa nthawi imodzimodzi imene iye akukagona.

Mabatire akatha usawasiye m'katimo, amatuluka madzi owononga mawaya. Kakayaka undijambulire chithunzi unditumizire, ndione ndi nkhope yake yomwe.

Upereke moni kwa amayi, uwauze kuti ndikuthokoza chifukwa cha usiku uja. Moninso kwa alamu anga ndi ana onse.

Ndine mkulu wako wokukonda.