Kalata kwa Nduna ya Zamtengatenga: Ulendo wa Chileka–Lilongwe Ukuthera Pansi

Olemekezeka a Nduna,

Kuchoka pa bwalo la ndege la Chileka kukatera pa bwalo la Kamuzu ku Lilongwe ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 250, ndipo ndege simatha ndi ola lomwe mumlengalenga. Mukangomanga lamba, n'kuona Shire akunyezimira pansipo, posakhalitsa mwamva akulengeza kuti tikutera. Pamsewu wa M1, kudzera pa Zalewa, Ntcheu ndi Dedza, ndi makilomita oposa 300, ndipo basi imadya maola anayi kapena asanu. Aliyense angati ndege yapambana kutali. Inenso ndinkatero mpaka mwezi watha.

Ndinali ndi msonkhano wa bizinesi ku Lilongwe masana. Ndinanyamuka ku Limbe m'mamawa pa takisi, n'kukakodwa mu mdipiti wa magalimoto tisanafike pa Kameza. Ku Chileka ndinafika ola limodzi ndege isananyamuke, monga amafunira. Titatera, ndinadikira chikwama, kenako n'kuyamba kunenerera mtengo ndi a takisi panja, chifukwa bwalo la Kamuzu lili cha ku Lumbadzi, makilomita oposa 20 kuchokera m'tauni. Pa Kanengo tinayenda ngati nkhono kumbuyo kwa mathiraki. Nditawerengera, kuchoka pakhomo panga kukafika kumsonkhano ndinatha maola pafupifupi anayi. Mnzanga amene anakwera basi tsiku lomwelo anandipeza ndisanamalize n'komwe tiyi, atanyamula kachewere wa pa Lizulu, ndalama zake zambiri zili m'thumba. Anandiseka, ndipo sindinamudzudzule.

Vuto si ndege ayi, a Nduna. Vuto ndi mmene munthu amafikira ku bwalo ndi mmene amachokerako. Amene ali ndi galimoto ya ku ofesi ndi dalaivala womudikira sangazione zimenezi. Koma wabizinesi wamba, namwino wopita ku maphunziro, kapena munthu wothamangira maliro, amalipira kawiri: tikiti, kenako takisi kuno ndi uko.

Pempho langa ndi laling'ono. Kambiranani ndi eni mabasi kuti pakhale basi yodziwika yonyamuka pakati pa Blantyre kupita ku Chileka, ndi ina pakati pa Lilongwe kupita ku bwalo la Kamuzu, nthawi yake yogwirizana ndi ndege, mtengo wake wolembedwa poyera. Kachiwiri, okwera ndege za m'dziko momwemuno opanda katundu wambiri akhale ndi mzere wawo wachangu. Sitikupita ku Johannesburg kapena ku Addis Ababa ife, tikungodumpha maboma ochepa.

Bwalo la Kamuzu linatsegulidwa mu 1983. Zaka zonsezi tazolowera kuti kukwera ndege ndi kwa mabwana okhaokha, mwina n'chifukwa chake palibe amene amafunsa kuti wopanda galimoto akafika bwanji ku Lumbadzi. Mwezi wamawa ndili ndi ulendo wina wa ku Lilongwe, ndipo tikiti ya basi ndagula kale.

Ine wanu,
Mayi wa bizinesi, Limbe