Lipoti la msonkhano wa alembi a nkhani zopeka za sayansi ku Zomba

A Wapampando, a komiti ndi mamembala nonse a kalabu yathu,

Ndabwerako ku Zomba kumene munandituma kukaimira kalabu. Zikomo chifukwa cha ndalama ya ulendo. Malisiti ali kale ndi msungichuma. Panakambidwa zambiri, monga kusindikiza pa intaneti ndi kupeka mawu a zinthu zatsopano, koma zimenezo ndidzafotokoza pakamwa. Pano ndilemba za gawo limodzi lomwe tinakanganapo mpaka nsima inazizira: msilikali wosafuna nkhondo, mantha ake, ndi mwambo wa usilikali umene umamuyendetsa.

Tinawerengera limodzi nkhani yomwe mlembi wina wachinyamata anabwera nayo. Mnyamata wamaliza Fomu 4, ntchito kulibe, walowa usilikali pofuna malipiro, ndipo wapezeka m'chombo cha ku Mars. Nthawi yopita kukamenyana itakwana, akukana kuvala chisoti. Sajeni akumukalipira. Kenako mnyamata uja akulimba mtima mwadzidzidzi, akupulumutsa gulu lonse, akulandira mendulo.

Ambiri anaomba m'manja. Amene sanaombe anali bambo wina wachikulire, msilikali wopuma, yemwe okonza msonkhano anamuitana dala. Iwo anati mantha sachoka chifukwa choti wina wakukalipira. Ntchito ya perete, kupukuta nsapato, kumasula ndi kumanga mfuti mobwerezabwereza, ndi yoti manja adziwe chochita pamene mutu wabalalika. Munthu akunjenjemera, mkodzo watuluka kale, koma zala zikugwira ntchito zomwe zinazolowera. Anatinso chimene chimamuimika msilikali pamzere nthawi zambiri si kuopa chilango, koma maso a anzake amene amadya nawo ndi kugona nawo tenti imodzi. Kuthawa ndi kuwasiya iwowo, ndipo manyazi amenewo amaposa kuopa chipolopolo. M'nkhani ija munalibe mnzake wa mnyamatayo ndi mmodzi yemwe, munali iye ndi sajeni basi, ndipo mlembi wake anavomera kuti apo ndi pomwe panaphwa.

Mayi wina wophunzitsa sayansi kusekondale ndiye anatitsegula maso pa za mlengalenga. Uthenga wa pawailesi kuchoka kuno kufika ku Mars umatenga mphindi zapakati pa 3 ndi 22, malinga ndi pomwe maiko awiriwa ali pozungulira dzuwa. Ndiye kuti mkulu wa asilikali amene watsala kuno sangalamule chilichonse nkhondo ili mkati. Lamulo lake likamafika, amene amafuna kumuletsa wafa kale. Mphamvu zonse zimagwera sajeni amene ali pomwepo, ndipo palibe woti ukamudandaulire. Ulendo wokha ndi wa miyezi 6 mpaka 9. Msilikali wapansi pano akatopa nazo amatha kulowa m'tchire usiku, koma wa m'chombo athawira kuti? Kunja kulibe mpweya. Ndipo poti m'mlengalenga mawu sayenda, bomba liphulika pafupi iwe osalimva. Chomwe ukumva ndi kupuma kwako m'chisoti ndi liwu la sajeni m'makutu. Mayiyo anati mlembi akalemba za phokoso la mizinga pakati pa nyenyezi wataya chinthu choopsa kwambiri chomwe anali nacho m'manja. Anatikumbutsanso kuti pali pangano la maiko la mu 1967 loletsa kumanga malo a asilikali pa mwezi ndi pa maiko ena a kumwamba, kotero nkhani iyenera kusonyeza, ngakhale m'mizere iwiri, kuti panganolo linatha bwanji.

Apa wina anafunsa funso labwino: ngati msilikali sangathawe, mwambo wankhanza ndi wa chiyani? Yankho lomwe ambiri tinagwirizana nalo ndi loti m'chombo munthu mmodzi wosokonezeka akhoza kupha onse pongotsegula chitseko. Choncho sajeni naye ali ndi mantha, ndipo akuopa mnyamata yemweyo. Nkhani ikasonyeza zimenezi, sajeni amaleka kukhala chilombo chongobangula.

Madzulo tinayenda kukaona chipilala chokumbukira asilikali a King's African Rifles, gulu lankhondo la atsamunda a ku Britain, amene agogo athu ankawatchula kuti a Keyala. Zokambirana za kumeneko ndi zomwe ndikufuna kalabu izitenge mozama. Ife timaganiza kuti msilikali wokakamizidwa tiyenera kumubwereka m'mafilimu akunja, chonsecho mbiri yathu yadzaza naye. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, yomwe kuno inkatchedwa ya Chiwaya, amuna a Nyasaland pafupifupi 200,000 anatengedwa ngati amtengatenga, kusenza chakudya ndi zipolopolo kupita kumpoto ndi kulowa m'dziko lomwe lero ndi Tanzania. Ambiri anachita kugwidwa kudzera mwa mafumu ndi atsamunda, ndipo njala ndi matenda zinapha ochuluka. Mu Novembala 1914, nkhondo ya ku Karonga itangochitika kumene, John Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times yodandaula kuti anthu akuda akukhetsa mwazi pa nkhondo yosawakhudza. Mu 1944 asilikali a kuno anakafika mpaka ku Burma. Kwa mnyamata wa ku Mulanje wa nthawi imeneyo, sitima yapamadzi ya ku Asia inali yachilendo mofanana ndi chombo cha ku Mars.

Za chilango nazo zilipo. Asilikali a ku Britain anasiya kukwapulidwa mu 1881, koma a Keyala chikoti chinkawagwerabe mpaka nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Pa nkhondo yoyamba ija, gulu lankhondo la Britain linawombera asilikali ake 306 pa milandu monga kuthawa ndi mantha, ena mwa iwo ali odwala m'maganizo chifukwa cha mizinga, ndipo anakhululukidwa mu 2006, atagona m'manda zaka pafupifupi 90. Mlembi amene akudziwa zimenezi sangalembe mantha a msilikali ngati nkhani yoseketsa.

Ndinaponyapo ganizo langa, ndipo ndikulibweretsanso kwa inu. Malipenga, beni ndi mganda ndi magule amene anatengera perete wa asilikali: mayunifolomu, mizere, maudindo, kuguba. Anthu amene anaona kuwawa kwa mwambo wa usilikali anautembenuza kukhala gule. Nanga asilikali a m'chombo, atatsekeredwa miyezi yonseyo, sangapeke gule wawo wonyogodola sajeni mobisa? Ena anaseka, koma bambo wopuma uja anati nyimbo zotere m'kampu sizisowa.

Pomwe sitinagwirizane ndi pa mathero a nkhani. Gulu lina linati owerenga amafuna ngwazi, ndipo mnyamata akapanda kusintha ndiye kuti nkhani sinapite kulikonse. Ine ndinali mbali ya amene anati mendulo ija ikuwononga zonse. Mnyamatayo avale chisoti, inde, koma avale akunjenjemera, chifukwa mnzake wamumangira lamba ndipo akumuyang'ana. Kapena akane mpaka mapeto, tione chomwe gulu lingachite ndi munthu amene silingamuthamangitse, silingamutsekere kwina, komanso akupuma mpweya womwewo umene uli wochepa. Zonse ziwirizi ndi zoona kuposa kulimba mtima kogwa kumwamba. Wotsogolera zokambirana sanagamule, anangoti aliyense akalembe mathero ake.

Pempho langa ku kalabu ndi loti ifenso tichite chimodzimodzi. Pa mkumano wa mwezi wamawa aliyense abwere ndi masamba awiri a nkhani ya mtengatenga wa m'mlengalenga, osati mkulu wa asilikali, ndipo pasapezeke mawu oti "anachita mantha"; tiwaone manthawo m'manja, m'mimba ndi m'zochita zake. Amene muli ndi agogo kapena achibale amene anagwirapo usilikali, kachezeni nawo kaye, koma mupemphe chilolezo musanalembe zomwe akuuzani. Ndikupemphanso komiti ione ngati tingaitane mphunzitsi wa sayansi wa pasukulu yapafupi kuti adzatiwongole pa za mpweya, mtunda ndi nthawi. Nkhani ya mlembi wachinyamata uja ndabwera nayo ndi chilolezo chake, ndipo ili ndi mlembi wa kalabu kwa amene akufuna kuiwerenga tsikulo lisanafike.

Ine nthumwi yanu.