Ukufunadi kupita ku Moroni?

Aise,

Kalata yako yafika Lachiwiri. Ndiye ukuti abwana ako akukuchotsa ku Nacala n'kukuponya ku Comoros? Mayi ako atamva anandifunsa ngati n'kufupi ndi Joni. Ndinati ayi amayi, ndi zilumba za pakati pa Mozambique ndi Madagascar. Nsima sanaidye usiku umenewo.

Zilumbazo n'zinayi: Ngazidja komwe kuli Moroni, Ndzuwani, Mwali ndi Maore. Koma chachinayicho n'chamkangano. Pa voti ya 1974 anthu a ku Maore anakana kusiyana ndi France, ndipo mpaka lero chimatchedwa Mayotte, ndalama yake ndi euro. Abale awo a ku Ndzuwani amawolokera kumeneko usiku pa timabwato totchedwa kwassa-kwassa, mtunda wa makilomita pafupifupi 70, ndipo ambiri amathera m'madzi.

Koma chondisowetsa tulo ine n'kulandana mpando. Anthu a ku Comoros analandira ufulu pa 6 Julayi 1975, deti lathu lomwe lija, koma mwezi usanathe pulezidenti Ahmed Abdallah anali atagwetsedwa kale. Mu 1978 msilikali waganyu wa ku France, Bob Denard, anatulukira ndi anyamata ake n'kumubwezera pampando, ndipo Ali Soilih amene ankalamulira anaphedwa. Mu 1989 Abdallah yemweyo naye waphedwa. Mu 1997 Ndzuwani ndi Mwali akuti ife tachokamo. Mu 1999 Azali Assoumani walanda boma. Tsono iwe, munthu amene unkathawa tambala wa agogo ako, ikalira mfuti ukalowera kuti? Kumbuyo kuli Karthala, phiri lotuluka moto lotalika mamita oposa 2,300, kutsogolo madzi okhaokha. Kusambiranso sudziwa, paja ku Senga Bay tinachita kukuvuula ndi kabudula.

Mwina ndikukokomeza. Kungoti bawo ndikusewera ndekha masiku ano, ndiye maganizo amachuluka. Ukakafika usakayambe zodzitama ndi mpira, anthu aja anakwapula Ghana 3-2 mu 2022.

Njinga yako mlamu wako waithyola foloko, ndipo akukana kwamtuwagalu. Mlongo wako wamng'ono ukwati uli mu Okutobala, adzakuuza yekha. Mbuzi za aneba zandimalizira mpiru wonse kudimba, magetsinso azima, ndikulemba ndi tochi ya foni. Za ndalama ija ndinakubwereka pamaliro a amalume, sindikukukumbutsa ayi, koma usanakwere ndege...