Kwa Mavuto, kuchokera ku Baton Rouge, ku America

Aise Mavuto,

Uthenga wako ndaulandira Lachiwiri koma ndimadikira kaye mtima utsike chifukwa chipongwe chako chija chinandilowa. Ukuti baseball ndi fulaye wa azibambo amimba? Iweyo, munthu woti unalira misozi yeniyeni pa Kamuzu Stadium Noma itakwapulidwa ndi Maule mpaka Gift kukugulira Fanta kuti utonthole? Kkkkk usandiyambe dala.

Komatu nanenso poyamba ndimangoona ngati anthu angoima padzuwa kudikira basi. Amene anandikokera ndi mdala wina wa nyumba yoyandikana ndi yanga, anapuma ntchito, mayi akunyumba anamwalira, ndiye mpando wawo ku Alex Box Stadium umangokhala. Tsiku lina mu February 2023 kukuzizira anangogogoda nkunena kuti vala jekete tiye. Bwalolo limalowa anthu opitirira 10,000 ndipo ndi la timu ya sukulu chabe aise, LSU, yunivesite ya kuno ku Louisiana, ana a koleji oti m'mawa amakhala m'kalasi. Masewerowa alibe wotchi, timu iliyonse imamenya mpaka anthu ake atatu atuluke kenako nkusinthana, kuzungulira choncho ma inning 9, ndiye mutha kukhala maola atatu kapena kuposa mukusenda mtedza ndi kutaya makoko pansi pa mpando, palibe amakudzudzula. Mdala uja amalemba chilichonse m'kabuku ndi pensulo, woponya akatulutsa munthu amalemba K, ndipo akamalemba sufunika kumuyankhulitsa.

Chimene chinandigwira ndi mnyamata wina, Paul Skenes, woponya mpira, anachokera ku Air Force, sukulu ya asilikali a ndege, mu 2022. Chimunthu chachitali pafupifupi mamita awiri, mpira amauponya pa liwiro la makilomita 160 pa ola ndipo womenya waima pa mamita 18 okha. Pa TV sizimveka. Ukakhala pafupi mpirawo suuona, umangomva kuti phaa m'gulovu ya wogwira uja, womenya nkutsala akuzungulira yekha ndi ndodo yake. Watulutsa anthu 209 season yonse, kuphwanya rekodi ya SEC, ligi ya makoleji a chigawo chino, imene Ben McDonald, wa LSU yomweyi, anaisiya mu 1989. Palinso Dylan Crews amene akangogwira ndodo bwalo lonse limaimirira, ndodo zake ku koleji ndi zachitsulo ndiye ikakhudza bwino imalira kuti ting, usanaone nkomwe umadziwa kuti wapita.

Tsopano vuto langa lenileni, limene ndakulembera, ndi ndevu.

Skenes uja amasunga tindevu pansi pa mphuno, ndiye masapota ambiri anayamba kutengera. Ine sabata ina ndinangochita ulesi osameta, timu nkuwina, mdala uja anandiyang'ana nkunena kuti usadzayerekeze kumeta mpaka titenge chikho. Anthu awa ali ndi zikhulupiriro kuposa agogo ako a ku Thyolo, wina sachapa chipewa, wina sasintha mpando ngakhale mvula igwe. Ndinameta kwina konse nkusiya pamlomo pokha. Ukudziwa iwe ndevu zanga mmene zimamerera, uku zilipo uku palibe. Chisomo atandiona pa video call anangoti zii kenako nkufunsa ngati ndasowa ndalama ya lezala. Zikanathera pompo bwenzi zili bho, koma mayi ake anadutsa kumbuyo kwake nkusuzumira. Mawa lake azakhali anga a ku Chirimba ananditumizira voice note ya mphindi zambirimbiri, akuti mwana wanga tamva kuti kumeneko wasintha, kodi kutchalitchi ukupitabe, kodi sunayambe kusuta zinthu. Pofika Lamlungu nkhani inali itafika kwa amalume, amene ukudziwa kuti ndiwo ankhoswe, ndipo akuti akufuna ayankhule nane "mwachifatse". Aise, chinkhoswe changa chikugwedezeka chifukwa cha mwana wa ku California woti sakudziwa nkomwe kuti ndilipo.

Ndiye taganiza mu June timu yapita ku Omaha, ku Nebraska, kumene matimu 8 otsala amakamenyanirana chikho. Ine ku Omaha sindinapite, ndalama zake ziti, tinkaonera pabalaza pa mdala uja. Wake Forest, imene inali nambala 1 dziko lonse, inatigonjetsa 3-2, kutanthauza kuti tikaluzanso kamodzi basi tilongedze. Tinachotsa Tennessee, tinabwezera Wake Forest, kenako pa 22 June tinakumana nayonso kachitatu, Skenes mbali ino, Rhett Lowder mbali inayo. Palibe anagoletsa. Ma inning 9 anatha 0-0, ndipo mu inning ya 8 Wake ikanalowa koma Tre' Morgan anathamangira kampira kogogodedwa pang'ono nkukaponya ali m'malere akugwa, munthu nkutulutsidwa pakhomo penipeni. Mdala anathyola pensulo. Mu inning ya 11 Tommy White anangomenya kamodzi mpira nkutuluka bwalo, 2-0, ndipo bambo wa zaka zopitirira 70 anandikumbatira akulira akutchula dzina la mkazi wake. Ine ndinasowa chonena, ndinangomugwira.

Fainolo inali ndi Florida, masewero atatu. Oyamba tinawina 4-3, mu inning ya 11 kachiwiri. Achiwiri anatisambitsa chokweza 24-4, iwe 24! Usiku umenewo ndinatulutsa lezala ndithu, ndinati ndevuzi zatha mphamvu ndipulumutseko banja langa, koma mdala ngati analota, anandiimbira foni nkungoti usakhudze. Pa 26 June tinawabwezera 18-4, chikho chachisanu ndi chiwiri, choyamba chichokereni 2009, mphunzitsi Jay Johnson ali m'chaka chake chachiwiri chokha. Mwezi wa April atsikana a basketball anali atatenganso chawo ndiye tauni ino inapenga kawiri chaka chimodzi. Ndipo umve izi iwe wokonda zakumwa: ku Omaha kuli bala ina yotchedwa Rocco's imene imawerengetsa timakapu ta jelly wothira mowa timene masapota a timu iliyonse agula, a LSU anagula topitirira 68,000. Ndinakumbuka Yamikani. Akanakhala kuno bwenzi atamupatsa mendulo.

Koma pali china sindinauzepo munthu. Mu March muja Freddy atagumula phiri la Soche ine ndinali kubwalo komweko, foni ili m'manja ndikuona mavidiyo a matope ku Chilobwe, anthu ondizungulira akukuwa kuti Geaux Tigers. Ndimaimba nambala ya Mphatso osalowa, ndiimbenso osalowa. Ndinauza mdala, anatseka kabuku kake, anati kuno nafenso madzi timawadziwa, nthawi ya namondwe wa Katrina mu 2005 abale ake a ku New Orleans anadzadza m'nyumba mwake miyezi. Sitinayankhulenso mpaka masewero kutha. Iwe sunandiuze bwinobwino, Mphatso anapeza pokhala? Nanga mng'ono wake uja anapezeka? Umangoti zili bho zili bho, ine ndikufuna zoona zake. Ndikatumiza kangachepe kudzera kwa iwe, usamuuze kuti ndi ine, ukumudziwa mmene alili.

Panopa zonse zatha. Pa 9 July anyamata aja anasankhidwa kupita ku ligi yaikulu, Skenes nambala 1 ku Pittsburgh Pirates, Crews nambala 2 ku Washington Nationals, akuti sizinachitikepo kuti awiri oyamba achokere timu imodzi. Skenes wasainira madola 9.2 miliyoni, mwana wa zaka 21, ine pano ndikuwerengera ngati ufa watsalawu ufika kumapeto kwa mwezi, ndipo ufa wake wa kuno nsima yake siigwira, imangoti phwephwerephwe. Kubwalo kwatsekedwa mpaka February. Kutentha kwake usanene, ku Nsanje kuli bwino, ukangotuluka panja malaya anyowa kale, AC yanga ikulira usiku wonse ndipo mwini nyumba amangoti abwera mawa. Mdala uja sakutulukanso, madzulo ndimaona nyali yake yayaka koma makatani otseka, ndilibe chifukwa chokagogodera popeza mpira kulibe. Mwina ndikamuphikire nsima yosagwirayo kaya.

Ndevu ndikanameta kale koma akuti tsopano zatsimikizika kuti zimagwira ntchito ndiye ndisunge mpaka chaka chamawa. Chonde aise, upite kwa amalume Loweruka, uvale bwino, usapite ndi Gift. Uwauze kuti ndili bwinobwino, kutchalitchi ndikupita, sindikusuta kanthu. Za baseball usayambe nkomwe kufotokoza, ungowonjezera moto. Kwa mayi ake a Chisomo ndiye sindikudziwa tipange bwanji, ndimaganiza mwina ukanapeza chithunzi changa chakale chija cha pa ukwati wa Yamikani nkuwaonetsa ngati chatsopano koma vuto suti ija anaiona kale, komanso Chisomo akangodziwa ndiye

foni yatsala 2%, chaja ndaiwala ku lab. Ndipitiriza mawa.

Ndine wako,
Kondwani