Tisunge mbiri ya mlatho wa nsungwi wa ku Kandewe

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo za mlatho wolenjekeka wa Zuwurufu, umene uli pa mtsinje wa South Rukuru ku Kandewe, m'boma la Rumphi. Mbiri imati anthu a m'deralo analuka mlathowu koyamba m'chaka cha 1904, ndipo anachita kulumikiza nsungwi monga momwe timalukira dengu, kuti aziwoloka ngakhale madzi atasefukira. Popeza nsungwi sizichedwa kufumbwa ndi kuwola, eni mudzi akhala akuchotsa zakutha n'kuikapo zatsopano, motero lusoli lachoka kwa agogo kufika kwa adzukulu osaduka.

Nditapondapo ine, mlatho unayamba kugwedezeka, nsungwi zikulira kunsi kwa mapazi, madzi akuonekera m'mipata, mwakuti ndinagwiritsa m'mbali ndi manja onse awiri. Koma mayi wina, mwana ali kumbuyo, anawoloka mosatekeseka konse.

Chimene chikundiwawa n'chakuti ana athu kuno ku Blantyre sadziwa kuti makolo awo anali ndi nzeru zotere. Ndikupempha akuluakulu a nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Chichiri kuti aitane amisiri a ku Kandewe adzaluke kamlatho kachitsanzo pabwalo lawo, ndiponso ajambule mawu a nkhalamba zodziwa mbiriyi zikadali moyo.

Wowerenga wanu,
Chilomoni, Blantyre